Dzenje Lolekeza M'mawondo

Mukatsika minibasi ku Bangwe n'kutsata njira yafumbi yolowera ku Namiyango, musanafike pamjigo mupeza mayi wina atakhalira chigubu, kutsogolo kwake atandandika timajumbo ta makala. Amenewo ndi a Modesta. Anthu a m'derali amawatchula kuti amayi busa, ngakhale tchalitchi cha amuna awo, a Bonifasi, ndi chisakasa chabe cha malata akale, ndipo Lamulungu anthu ake sadzaza ngakhale mabenchi akutsogolo. A Modesta si munthu wa nkhani zambiri. Mukadandaula kuti makala achepa, sakutsutsani. Amangotola khala limodzi n'kuponyamo, maso ali kwina.

Mpaka chaka chathachi, amuna awo ankawaitana ndi dzina lina, loti amake Madalo. Anthu a lendi obwera kumene akamva dzinalo, poti pakamwa pa anthu a m'tauni palibe chitseko, ankafunsa: "Kodi Madaloyo ali kuti? Ali ku Joni?" A Modesta ankayankha kuti ali ku Mozambiki. Sankanama ayi. Madalo ali kumeneko ndithu, pansi pa nthaka, ndipo padziko pano sanathe ndi sabata yomwe. Chibadwire mwana ameneyo, a Modesta sanaimenso. Moyo wawo wonse wazungulira pa chinthu chimodzi chimenechi.

Anabadwira ku Bangwe konkuno, kwa makolo ochokera ku Nsanje amene anabwera kudzasaka ntchito ku Limbe. Anakulira m'Chikatolika, ndipo mawu awo pakwaya ankamveka mpaka kumsewu. A Bonifasi anali kalipentala ku Chirimba, munthu wa manja abwino, wosamwa, wosasuta, woti akakupangira chitseko umafa n'kuchisiya. Vuto lawo linali limodzi: chimene akhulupirira, ngakhale mutabwera ndi thirakitala simungawasunthe. Atangokwatirana, a Bonifasi analowa mpingo wina watsopano umene unkapempherera m'kalasi ya sukulu ku Ndirande, ndipo a Modesta anatsatira, monga amachitira akazi ambiri. Tsiku lina mkulu wa mpingowo analengeza kuti pakufunika banja loti lipite ku Mozambiki, kuseri kwa mapiri, kumene uthenga sunafike. A Bonifasi anaimika mkono pomwepo, osayang'ana n'komwe kumbali ya amayi kumene kunakhala mkazi wawo. Mkono anaimika okha, koma katundu anamanga ndi a Modesta.

Ulendo wake musachite kufunsa. Basi inawasiya ku Muloza, anawoloka malire, anakwera lole ya nandolo mpaka pamene msewu unathera, kenako njinga za kabaza, kenako miyendo. Mudziwo unkatchedwa Nampwita. Kunalibe sitolo, kunalibe chigayo, foni inkagwira ukakwera pachulu china chakutali, ndipo chipatala chinali kutsidya kwa mtsinje waukulu umene nthawi ya dzinja unkadzaza osawolokeka. Anthu ake ankalankhula Chilomwe chenicheni, osati chija cha moni chimene a Modesta ankachimva pamsika wa Bangwe. Alendowo anawalandira bwino, anawapatsa malo omangapo nyumba ndi kamunda, koma pa za Mulungu wa a Bonifasi ankangogwedeza mutu mwaulemu n'kubwerera ku zawo. Amuna ankabwera kudzapangitsa zitseko ndi mipando. Ulaliki ankaumvera podikira kuti chitseko chithe.

Thandizo limene mpingo unalonjeza linabwera miyezi yoyambirira, kenako zii. Sopo anatha, mchere unatha, nsapato za a Bonifasi zinatha ndi maulendo a m'midzi. Malungo ankawagwetsa mosinthana, uyu akadzuka uyu agone. A Bonifasi sankadandaula, ankati atumwi anaona zoposa apa. A Modesta ankayankha chamumtima kuti atumwiwo sankasinja. Mwana wa m'tauni wozolowera chigayo anagwira munsi koyamba ali mayi wapabanja, ndipo amayi a m'mudzimo anaseka mpaka kugwira nthiti. Kwa eni kulibe mkuwe. Anapirira, matuza ali m'manja, akulakalaka ngakhale phokoso la makondakitala a ku Limbe limene kale linkawanyansa.

Amene anawachotsa manyazi anali Petronela, mayi woyandikana nawo nyumba, wamkulupo pang'ono, wa ana ambiri moti poitana ankasokoneza mayina. Ankasuta fodya wopichira yekha, mbali ya moto ili m'kamwa, ndipo Chinyanja ankachidziwa chifukwa nthawi ya nkhondo, ali mtsikana, anathawira ku Mulanje.

"Iwe mkazi wa m'busa," anatero tsiku loyamba, "munsi sagwira ngati ukupepesa. Bweretsa kuno."

Anawaphunzitsa kusinja makaka, chinangwa chouma chija, kuphika kalongonda, nyemba zoopsa zija, osapha nazo anthu, ndi mawu oyankhira wina akakuputa kudambo. Iwo anamuphunzitsa nyimbo. A Modesta ankaimba posinja, Petronela n'kumavomera ndi mawu ake okhakhala ndi fodya, amayi ena n'kumabwera ndi mitondo yawo kudzasinjira pomwepo. Lamulungu lina amayi aja anatsatira nyimbozo mpaka m'tchalitchi cha udzu chimene a Bonifasi anamanga. Anabwera ndi ana, ana anakoka abambo awo mmodzimmodzi. Kunena zoona, mpingo wa ku Nampwita unabadwira pamtondo, ngakhale a Bonifasi ankati n'chifukwa cha kusala kudya kwawo.

Patapita zaka zingapo akudikira, a Modesta anaima. Ha, chimwemwe chake! A Bonifasi anawapangira mpando wotsamira, wokhawo m'mudzi monse, ndipo ankapita okha kukatunga madzi, amuna anzawo akuwaseka. Koma anachitanso china: anaima paguwa n'kulengeza kuti mwanayo, kaya mwamuna kaya mkazi, dzina lake ndi Madalo. Petronela atatuluka m'tchalitchi analavula pambali.

"Munthu akadali m'njira sapatsidwa dzina," ananong'oneza a Modesta. "Amuna akowa n'ngabwino, koma amathamangira kutsogolo ngati mbuzi yodula chingwe."

A Modesta ndi amuna awo anapangana kuti nthawi ikayandikira, a Modesta abwerere ku Malawi akadikirire kuchipatala. Koma mwana anafulumira, mvula nayo inafulumira. A Bonifasi anali atawoloka mtsinje kukalalikira mudzi wina, madzi n'kuwatsekera komweko. Matenda anayamba masana, mvula ikukhuthuka, denga likudontha ponseponse. Petronela ndi amayi anzake ndiwo anagwira ntchito yonse. Kunabadwa kamtsikana, kakang'ono moti kankakwana m'manja awiri. Kankalira motsitsa, bere kankangoligwira n'kulisiya. A Modesta anakafukata masiku angapo m'chikuta, m'nyumba muja mayi amabindikira ndi khanda lake, akukapempherera, akukasisita tizala. M'mawa wina, mchombo usanagwe, kanazizira.

A Modesta atatsegula pakamwa kuti akuwe, Petronela anawatseka ndi chikhato.

"Usalire, m'bale wanga. Ameneyu sanafike, wangosuzumira n'kubwerera. Ukamulira, sabweranso."

Mwambowo sunali wachilendo kwenikweni, chifukwa ngakhale ku Bangwe mayi awo ankaunena monong'ona. Mwana wofa asanatuluke m'chikuta amatchedwa nthayo, ndipo maliro ake salira. Alibe bokosi, alibe nyimbo, mwamuna sapondako. Amakamuika amayi okhaokha, pa nthaka yofewa, m'kadzenje kolekeza m'mawondo.

"Akamukwirira mozama," anatero Petronela, "akwirira ndi mimba yako yomwe. Timamuika pafupi kuti asavutike pobwerera."

Amayi anamukulunga m'chitenje n'kupita naye, a Modesta n'kutsala pamphasa, mabere akuwawa ndi mkaka wopanda woyamwa. Kumeneko mayi wa mwana sauzidwa malo. Koma iwo anachonderera, anagwira Petronela mwendo, mpaka chifundo chinamugonjetsa mayiyo.

"Pansi pa mkuyu wopendekeka uja, kumunsi kwa pamene timachapa. Ndakuuza chifukwa ndiwe mnzanga. Mwamuna asamve, ngakhale wako."

Madzi ataphwera, a Bonifasi anatulukira, matope mpaka m'ntchafu, kukhwapa kuli nkhuku imene anapatsidwa kuti akaphere mkazi wawo. Panjira anali atamva kuti kunyumba kwabadwa mwana, koma zinazo palibe anawauza. Analowa akuimba. Kalanga ine! Anayang'ana pamphasa, anayang'ana m'manja mwa mkazi wawo, nkhuku ija n'kuitaya. Analira mokweza, bambo wamkulu, amayi panja n'kumawaletsa kuti atonthole. Kenako anatuluka.

"Mwamuika kuti?"

Amayi onse anayang'ana pansi.

"Mwana wanga si mwana wa mphaka woti n'kutaya kudambo. Ali ndi dzina. Ndi munthu, Mulungu akumudziwa. Ine bambo ake sindinaone ndi nkhope yake yomwe. Mwamuika kuti?"

Amayi aja anabalalika mmodzimmodzi. Ndiye funso lija linalowa m'nyumba n'kukhazikika momwemo. Akanakhala kuti ankakalipa, a Modesta akanalimba, poti ukali umaumitsa mtima wa amene akukalipiridwayo. Koma a Bonifasi sankakalipa. Anasiya kudya. Ankagwada pafupi ndi mphasa, misozi ili chuchuchu, n'kumati, "Amake Madalo, ndikungofuna ndimuone, ndimuike ngati munthu. Kodi tsiku la kuuka kwa akufa tikamufunefune m'matope?" Aka kanali koyamba kuti a Modesta aitanidwe ndi dzina limenelo, ndipo linawalowa mpaka m'mafupa. Nawonso ankafuna kulira mwana wawo. Ananena za mkuyu uja.

A Bonifasi anaphwasula thebulo la m'tchalitchi n'kukhoma kabokosi. Anapita kudambo ndi khasu dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Amayi amene ankachapa anathawa, zovala kuzisiya pamwala. Kenako anakumba manda kuseri kwa tchalitchi, okhaokha, chifukwa panalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe woti akanagwira khasu limenelo. Anakumba mpaka mutu wawo sunkaonekanso, dothi lokha likutuluka m'dzenjemo. Anawerenga mawu, anaimba nyimbo mavesi ake onse, anazika mtanda wolembedwa dzina. A Modesta anaima potero atatsamira khoma, ndipo analira mokweza koyamba. Kulirako kunawapepuza, sangakane. Koma akayang'ana kuya kwa dzenjelo, ankakumbukira mawu a Petronela.

Petronela anabwera madzulo ake. Anaima kunja kwa bwalo, sanakhale pansi, fodya analibe.

"Ndinakuuza ngati m'bale wanga," anatero. "Tsopano anzanga akuti ndagulitsa za amayi kwa mwamuna, sandiitananso kuchikuta kwa munthu. Ndipo iwe wadzikwirira wekha. Tsala bwino."

Sanapondenso pakhomopo. Nyimbo zinatha pamtondo. A Modesta akafika kudambo, amayi ankanyamula ndowa zawo n'kusunthira kumtunda. Amuna ankati zitseko zawo zikadali bwino. Lamulungu a Bonifasi ankalalikira mabenchi ndi mkazi wawo. Pamwamba pa zonsezi a Modesta anadwala, thupi kutentha, m'mimba kupota, ndipo panalibe mayi wodzawasuzumira. Pamene amuna awo ankawafikitsa kuchipatala panjinga, anali atatheratu. Iwo anachira, koma za mudzi sizinachire. Anapirira dzinja lina, kenako anamanga katundu, ndipo wowaperekeza panalibe. Anasiya tchalitchi chopanda thebulo ndi mtanda umodzi kuseri kwake.

Kubwerera ku Blantyre chimanjamanja si chinthu chapafupi. Mpingo uja unali utagawikana, mkulu amene anawatuma atayambitsa wake wina, moti za ku Nampwita palibe ankazikumbuka. A Bonifasi anaimika chisakasa chawo, mkati mwa sabata n'kumakhoma mipando pakhonde. A Modesta anayamba makala. Ndipo anadikira. Mwezi uliwonse ankadikira, mwezi uliwonse n'kukhumudwa. Anasala kudya, anakwera phiri la Bangwe kukapemphera mpaka mawondo kuda. Pamjigo akangosemphana mawu ndi wina za mzere, chitonzo chinali chimodzimodzi: "Mukuthamangira chiyani inu, kwanu kuli matewera?" Pomaliza anapita kuchipatala chachikulu. Dokotala, mayi waulemu ndithu, anawaunika n'kufotokoza kuti matenda aja anadwala atangobereka ndiwo anawononga njira za m'mimba, ndipo akanafika msanga kuchipatala sizikanatero.

"Mwamva?" anatero a Bonifasi potuluka, nkhope itawala ngati awina mlandu. "Si manda ayi. Ndi matenda. Zija n'zikhulupiriro chabe."

A Modesta anangotsogola kukakwera minibasi. Mwina dokotala ankanena zoona, munthu anapita kusukulu. Koma Petronela ananena zisanachitike, dokotala ananena zitachitika kale. Mpaka lero sadziwa kuti akhulupirire ndani, ndipo kusadziwako kwawadya kuposa umphawi.

Pena tiwayamikire a Bonifasi. Alongo awo anabwera kuchokera ku Chiradzulu kudzawauza kuti mwamuna safa wopanda mbewu, apeze mkazi wina. A Bonifasi anawathamangitsa tiyi asanathe m'kapu. "Mwana ndili naye," anatero, "dzina lake Madalo." Ndipo m'mawa uliwonse ankaitana "amake Madalo" mokweza, kuti a lendi onse amve. Dzinalo linkawalasa a Modesta, komabe ndi lokhalo limene linkawaimika pakati pa amayi anzawo. Za mkuyu uja awiriwo sanazikambenso ngakhale kamodzi.

Mng'ono wawo wa a Modesta atamwalira, anasiya kamtsikana koyamba kumene sukulu, dzina lake Tadala. Iwo anakatenga n'kukalera, ndipo Tadala anakula akuwatchula kuti amayi. Anakwatiwa ndi mnyamata wina, Donald, amene anapita ku Joni kukasaka ganyu atamusiya ndi pakati, choncho Tadala anabwerera kudzadikirira pakhomo pa a Modesta. A Bonifasi anagula matabwa a paini n'kuwaimika kuseri kwa chitseko, akuti apangire mdzukulu kabedi. A Modesta sankafuna n'kuwayang'ana komwe matabwawo. Tadala akayamba kutchula mayina, ankamudula: "Dikira afike."

Mwana anabadwa masiku asanakwane, mwezi wa Juni chaka chatha. Anamwino anayesetsa, anamuika m'chipinda chofunditsira ana otere, koma m'mawa wina anaitana a Modesta, amene ankadikirira wodwalayo, n'kuwauza kuti zakanika. Tadala sanakuwe. Anagwira dzanja la a Modesta, lakuda ndi makala lija, n'kulifinya. Nkhani ya ku Nampwita ankaidziwa, poti pamjigo palibe chinsinsi.

"Amayi," anatero, "kodi nanenso ndikhala ngati inu?"

Funso limenelo! Mwana amene analera okha kuwafunsa choncho, osati mwachipongwe, koma ndi mantha enieni m'maso. A Modesta anatuluka panja n'kuimbira amuna awo foni.

"Ndamva, amake Madalo," anatero a Bonifasi. "Donald kulibe, bambo pano ndine. Bwerani naye kunyumba mwanayo. Matabwa alipo, ndiyamba pompano. Mawa anyamata a kutchalitchi akakumbe manda enieni. Mdzukulu wanga saikidwa ngati nyama."

"Abambo, Tadala akuopa."

"Akuopa chiyani? Dokotala uja simunamumve? Bwerani naye."

"Ndamva," anatero a Modesta.

Anaima pakhonde la chipatala nthawi yaitali, foni ili m'manja. Amuna awo sankalakwa kufuna kulira mdzukulu, zimenezo ankazidziwa. Mwinanso za dzenjezi n'zabodza. Koma wofuna kuyesa ngati n'zabodza ayesere pa mimba yake, osati ya Tadala. Yawo anayesera kale. Anaimbira a Ellen, mayi woyandikana nawo nyumba, amene amatsogolera amayi pakagwa zovuta m'dera lawo.

"Mayi Ellen, kwagwa nthayo. Kadziwitseni amfumu, mutenge amayi awiri atatu ndi khasu, tikumane kumanda. Kwathu musadzereko."

Zonse za kuchipatala zitatha, anamwino anawapatsa mwanayo atamukulunga. Galimoto ya maliro ya kamunthu kotere angaipeze ndani? A Modesta anachita zimene amayi osauka amachita. Anamubereka kumsana, anamufunditsa shawelo mpaka kumutu ngati wagona, n'kukakwera minibasi. Ku Limbe anatsika kuti akwere ya ku Bangwe. Kunkazizira, chiperoni chitaphimba tauni yonse.

"Amayi a mwana akhale kutsogolo!" anakuwa kondakitala. "Asunthireni amayi a mwana, inu!"

Anthu anasuntha. Mayi wina wa dengu la tomato anawakonzera shawelo paphewa. "Mfunditseni bwino, kunja kwaipa. Koma ndiye ndi wofatsa mwana wanuyu, eti?"

A Modesta anati zikomo. Chibadwire chawo, aka kanali koyamba kuyenda pagulu ndi khanda kumsana, koyamba kuti anthu osawadziwa awatchule amayi a mwana. Msana wawo unkamva kuzizira kwa kamunthuko kudutsa chitenje. Anangoyang'ana kutsogolo, mano ataluma. Siteji ya kwawo itafika sanatsike. Anakatsikira kutsogolo, pa njira ya kumanda.

A Ellen ndi amayi ena anali atafika kale. Kumandako kuli mbali ina ya kumapeto kumene kuli timitumbira tambirimbiri topanda mtanda, topanda dzina, tina tosaonekanso ndi udzu. A Ellen anati akumbe ndi iwo, koma a Modesta anawalanda khasu. Anakumba okha, mwana akadali kumsana. Atalowamo n'kuona kuti dzenje lafika m'mawondo, anaponya khasu kunja. Anamasula chitenje, anamugoneka mwanayo chammbali, n'kukwirira ndi manja. Palibe analira, palibe anaimba. A Modesta anapemphera chamumtima pemphero lalifupi, loti Mulungu yemweyo wa amuna awo amulandire mwanayo, ndipo Tadala amukumbukire.

Asanafike pakhomo anamva hamala. Anapeza a Bonifasi pakhonde, utuchi uli m'tsitsi laimvi, akukhoma msomali wotsiriza. Kabokosiko kanali kokongola kuposa kaja ka ku Nampwita: m'makona mosalala, mkati atayalamo shati yawo yoyera ya Lamulungu. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana kumsana kwa mkazi wawo. Kunali chitenje chokha, chili lende paphewa. Kenako anayang'ana dothi lofiira la m'miyendo mwawo.

"Mwana ali kuti?"

"Taika kale."

A Bonifasi anaika hamala pansi pang'onopang'ono. "Amake Madalo. Mwamuika kuti?"

Mawu ake omwe aja, kanenedwe kake komwe kaja, kofatsa, kochonderera. A Modesta anakumbukira mphasa ija ya ku Nampwita. Anagwira nsanamira ya khonde.

"Funso limenelo ndinakuyankhani kale kamodzi, abambo. Sindiyankhanso."

"Ndine bambo wa pakhomo pano."

"Ndinudi. Mukafuna, tengani khasu mukafukule manda onse a ana ku Bangwe kuno. Koma pakamwa panga simumva kanthu."

A Bonifasi anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pasitepe, kabokosi kali pamiyendo, n'kumakasisita ndi chikhato.

"Nanga ine ndikalire kuti?" anafunsa.

Chisoni chinawagwira kwambiri a Modesta, chifukwa munthuyo ankamukonda ndipo amamukondabe. Koma anazungulira kuseri kukasamba m'miyendo.

M'mawa mwake a Bonifasi anafuna madzi osamba. Anaima pakhomo, anatsegula pakamwa monga mwa masiku onse, n'kutsekanso. Kenako anati, "Modesta, madzi." Kuyambira tsiku limenelo dzina lija silinamvekenso pakhomopo. Sanawakalipire, sanawatchule paguwa. Amadya limodzi, amapemphera limodzi, koma amake Madalo anatha. Kabokosi kaja anakakweza pa mitengo ya denga, ndipo kakadali pomwepo.

Tadala atachira, Donald anamuitanitsa ku Joni. Chipitire chake, a Modesta sasiyana ndi foni, amaimangirira pamfundo ya chitenje. Ikalira ali pamakala amapukuta manja msangamsanga. Tadala amafunsa za kunyumba, amadandaula za kuzizira kwa kumeneko, amapereka moni kwa abambo. A Modesta safunsa ngati waimanso, poti zotere safunsa. Amangomvetsera mpaka foni idulidwe, mwina pali mawu ena atsalira. Kenako amaibweza pamfundo n'kupitiriza kuthira makala m'majumbo.